Achimwene Akufuna Kupha Kopolo

Aphungu,

Ndikudziwa kuti anthu amakulemberani za maukwati ndi za milandu, ndiye musandiseke poona kuti ine ndabwera ndi nkhani ya galu. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kwathu kufupi ndi Nambuma. Amuna anga, a Evaristo, ali kunkhondo. Asanalembedwe usilikali ankaphika kwa mzungu wina wa esiteti ya fodya, ndipo ndi komweko kumene anatenga kagalu ndikunenaka. Ndi kamiyendo yaifupi, sikafika ndi m'mawondo momwe. Anthu kuno amati si galu koma khoswe wonenepa. Tsiku lonyamuka amuna anga anakatcha Kopolo, ati kadzayamba ndi iko kukwezedwa iwo asanakwezedwe. Kenaka anandiuza kuti, "Amake Agnes, ana ndikudziwa kuti ndidzawapeza. Uyunso ndidzamupeze."

Kuuzimba sapita. Ntchito yake ndi makoswe basi, ndipo pamudzi pano nkhokwe imene makoswe amailambalala ndi yathu yokha.

Mwezi wathawu kunamveka za chiwewe cha ku Msundwe uku. A Boma analamula kuti agalu onse amangidwe ndipo tipite nawo akabayidwe jekeseni. Wopezeka alibe m'khosi kachitsulo kosonyeza kuti anabayidwa adzawomberedwa. Ine ndinamunyamulira m'dengu chifukwa mtunda ndi wautali. A vetenale anandifunsa ngati ndabweretsa mphaka, anthu onse kuseka. Anamubaya paphewa, monga anabayira agalu akuluakulu auzimba amene anali patsogolo pathu.

Pobwerera Kopolo anagona njira yonse. M'mawa mwake sanadzuke kukazungulira nkhokwe monga amachitira. Chakudya anakana, ngakhale matemba amene masiku onse amaba. Thupi linali lotentha, paphewa panatupa ngati dzira la nkhunda, ukakhudzapo ankalira. Koma madzi ankamwa, ndipo ndikamuitana ankagwedeza mchira ali chigonere.

Achimwene anga a Fabiano ndiwo mwini mbumba yathu. Amalima fodya, ndipo za ziweto amazidziwa kuposa tonse. Atamuona anati jekeseni ya galu wamkulu yamuchulukira, poizoniyo ayenera kutuluka. Anatenga lumo, natema mphini pachotupa paja, nafinya. Kenaka anatunga madzi oviika zinyalala za fodya, aja timasambitsira mbuzi zikachita nkhupakupa, anamukanula kukamwa namuthira kuti asanze. Sindikuwanena ayi, anachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Pomukanulapo Kopolo anawaluma chala chachikulu, ndipo panatuluka timagazi.

Pasanapite nthawi galu uja anayamba kusanza, dovu kuchucha, thupi lonse kunjenjemera. Akaimirira ankadzandira ngati wochokera kumowa. Achimwene atangoona dovulo anayang'ana chala chawo, nkhope yonse inasintha. Anati, "Mlongo wanga, ichi ndi chiwewe. Amubaya chiwewe galuyu, ndipo wandipatsira ine." Anapita kukatenga chibonga.

Aphungu, chibadwire sindinawatsutsepo achimwene, koma tsiku limenelo ndinaima pakhomo. Amalume athu ndiwo anatiweruza. Anati galu ndi wa mkamwini, mwini wake ali kutali, komanso ali ndi kachitsulo ka Boma m'khosi, choncho asaphedwe mopupuluma. Amangidwe mpaka mwezi winawo udzaoneke. Achimwene anavomera chogwetsa nkhope, koma ananeneratu kuti mwezi ukadzangooneka adzamupha, achire asachire. Iwo akuti galu wokuluma akafa, chiwewe chimene wasiya m'thupi mwako chimafera limodzi naye.

Panopa Kopolo wamangidwa mu balani ya fodya ya achimwene, chifukwa ndi yokhayo ili ndi chitseko cholimba. Kunjenjemera kunatha. Wayamba kunyambita phala, koma dovu limabweranso nthawi zina. Bala lapaphewa layamba kununkha, ntchentche sizichokapo. Achimwene anangomanga chala ndi sanza, kuchipatala sanapite, ati mankhwala awo ndi imfa ya galu. Sakundilankhula. Amayi anzanga akuti a vetenale akadzabweranso adzakabisa agalu awo kudimba.

Kodi n'zoona kuti jekeseni imapatsa galu chiwewe? Ine mantha andigwira mbali zonse. Ndikakakamira galu, achimwene n'kudwaladi, ndidzayenda bwanji pamudzi pano? Ndikamupereka, ndidzawauza chiyani amuna anga? Mwezi uno wangokhala kumene, ndipo kalatayi ndapatsira aphunzitsi amene akupita ku boma ku Lilongwe. Chonde musandiike kumapeto kwa mzere wa makalata.

M.E., Nambuma.


Mayi M.E.,

Sindinaseke, kupatula mwina pa dengu paja. Kalata yanu ndaidumphitsa mzere kuti yankho likupezeni mwezi usanaoneke. Ndinayamba ndapita nayo kwa mnzanga wina amene amagwira ntchito ya ziweto, popeza ine za agalu ndimangodziwa kuwathawa.

Werenganinso zimene mwalemba nokha, muona kuti Kopolo wadwala kawiri. Kudwala koyamba ndi kwa jekeseni: kugona, kutentha thupi, kukana chakudya, kachotupa pamene panalowa singano. Zimenezi zimachitika, ndipo tiagalu tating'ono timazimva kwambiri kuposa zimphona zauzimba. Si chiwewe, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale chotupacho chimachedwerapo kuphwa. Galu amene akumwa madzi ndi kugwedeza mchira ankangofunika mthunzi, madzi abwino, phala lofewa, kansalu kofunda pachotupa, ndi kuti ana amusiye agone. Ntchito yonse inali imeneyo.

Kudwala kwachiwiri kunabwera m'chikho. Dovu, kusanza, kunjenjemera ndi kudzandira sizinayambe tsiku la jekeseni. Zinayamba galu atamwetsedwa madzi a fodya. Madzi amene amagwetsa nkhupakupa pambuzi ndi poizoni, mayi, ndipo kagalu kosafika m'mawondo sikafuna ambiri kuti kafe. Mnzanga uja anapukusa mutu nati Kopolo ndi wamwayi kuti anasanza. Za kulumako musadabwe nazo. Inunso munthu atakutemani pachotupa n'kukukanulani kukamwa, sindikukhulupirira kuti mungamuthokoze.

Ndiye lero lomwe mutulutseni mu balanimo. Mwamuchotsa fodya m'mimba n'kukamugoneka pa fodya, ndipo akamadzinyambita akudya fumbi lomwelo. Dovu lobwerabweralo mwina ndi chifukwa chake. Mumangirireni pamthunzi ndi chingwe cholimba, pamalo pamene ana, nkhuku ndi agalu ena safika. Pomupatsa chakudya musamuike dzanja kukamwa. Bala lapaphewa muzilitsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere, akazizira, ndipo mulitchinge ku ntchentche. Lumo lisabwererenso pamenepo, phulusa kapena muzu uliwonse usapakidwe. Likapitirira kununkha kapena kutulutsa mafinya, dengu lija lilipo, pitani naye kwa a vetenale ndipo mukawauze zonse, za fodya zomwe.

Tsopano za achimwene anu, zimene ndi zazikulu kuposa za galu. Apa ndikudzudzulani pang'ono: munapeza nthawi yolembera ine, koma simunapeze munthu wowaperekeza kuchipatala cha mishoni. Sanza si mankhwala. Chalacho atsuke ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo apite akachionetse, akanene kuti analumidwa ndi galu m'nyengo ya chiwewe. A kuchipatala ndiwo aweruze chochita, osati ine, osati amalume. Ndikutero chifukwa sindingalumbire kuti Kopolo alibe kanthu. Jekeseni imateteza galu amene sanatenge matenda. Amene analumidwa kale ndi nkhandwe kapena galu woyendayenda, siimuchiza. Dzifunseni ngati anabwerako ndi bala losadziwika miyezi yapitayi, ndipo ngati ndi choncho musabise.

Zoti galu akafa chiwewe chimafera limodzi naye si zoona. Chikalowa m'thupi mwa munthu sichifunsanso za galu. Chimene chili choona ndi ichi: galu amene anali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene analuma munthu sakhalitsa, masiku khumi satha asanafe. Ndiye taonani, kalata yanu yayenda ulendo wake, yanganso yayenda wake, masiku amenewo adutsa kale. Mukamawerenga izi ingopenyani kuchingweko. Ngati Kopolo ali moyo, akudya, akumwa, akukuzindikirani, yankho wapereka yekha ndipo langali ndi longotsatira. Amalume anu anaweruza bwino kuposa mmene ankadziwira.

Koma ngati mwaona mawu ake asintha, chibwano chalendewera, akutafuna mitengo ndi miyala, madzi akumukanika kumeza, kapena akukoka miyendo yakumbuyo, musamuyandikire ngakhale ndi wa amuna anu. Tumizani mthenga kwa a vetenale msanga, ndipo achimwene anu asagone pamudzi, akagone kuchipatala. Pamenepo a Evaristo adzamvetsa. Munthu amene waona nkhondo amadziwa kuti mlamu ndi woposa galu.

Amayi anzanu muwauze kuti galu wobisidwa kudimba ndi amene adzabweretse chiwewe pakhomo. Apite nawo agalu awo. Amene ali ndi tating'ono, todwala kapena ta bere, anene kwa wobayayo asanabaye, ndipo akabaya asathamangire kunyumba, ayambe akhala pamthunzi kanthawi. Galu akatupa nkhope, akamabanika kapena kugwa, wothandiza akhale ali pompo.

Chatsala ndi mmene mukawauzire achimwene. Musakaime pabwalo n'kunena kuti ndiwo anadwalitsa galu. Mudzapambana mlandu koma mudzataya mlongo. Mwamunayo sakukudani, ali ndi mantha, ndipo akugona ndi chala chimenecho yekha. Pitani ndi pepalali kwa amalume, iwo akawaitane, wina awawerengere poduka mphepo. Ndipo popeza adzakhala akumvetsera, ndiloleni ndilankhule nawo ndekha.

Bambo Fabiano, fodya wanu ndi wamphamvu, umboni tauona. Munafuna kuthandiza, ndipo palibe akukutsutsani pa zimenezo. Koma ikani chibonga pansi, mupite kuchipatala. M'mawa uliwonse muzidzera pamene pamangidwa galuyo, mumuone akudya phala lake. Mukamupha mudzakhala mukuyang'ana chalacho chaka chathunthu, opanda wokuuzani zoona. Tsiku lililonse limene Kopolo wadzuka ali bwino, dziwani kuti inunso mwadzuka bwino.

Aphungu.