Chipeso cha m'manda a Avaikingi

Hyattsville, Lachisanu

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kuvuta, kapena mukulikakamizabe kudimba? Ine ndiliko, koma osati kwenikweni. Kalatayi ndapatsira a Rukaya amene akunyamuka mawa, chifukwa ndikaimba foni mumaika pa sipika, mudzi wonse n'kumamvera.

Paja ndimasamalira agogo achizungu a ku Greenbelt, amene anali pulofesa. Ntchito yawo inali yofukula manda, Amayi. Kwathu wotere timamusamutsa pamudzi, kuno amamuombera m'manja. Loweruka anati ndiwakankhe pa wilutcheya kumsonkhano wa anzawo ku Washington. Nkhani yake inali ya Avaikingi, anthu akale a kumayiko ozizira, amene ena akamwalira ankawaika m'bwato limodzi ndi katundu wawo, agalu ndi mahatchi omwe. Ine wothawa Fomu 1 ndinakhala kutsogolo, n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva.

Mayi wina atatha kulankhula, anayendetsa kachipeso ka nyanga, mano ena othothoka, kuti anthu aone. Aliyense ankakagwira mwaulemu. Katafika kwa ine, mukundidziwa kale. Ndinakalowetsa m'tsitsi kawiri, kenako m'ndevu, kuti agogo aseke. Anasekadi mpaka kutsamwa. Nditadzutsa mutu, pakhoma panali chithunzi: mafupa a mzimayi, chigaza chili yasa, chipeso chonga chomwecho chili pafupi ndi khutu lake. Akuti wagona zaka chikwi.

Ndinakamufunsa mayi uja. Anati ichi n'chongopanga, chenicheni chili kwawo ku Ulaya. Mtima unakhala pansi. Koma tili m'galimoto agogo anati masiku awo tinthu tina ta m'manda tinkabwera kuno m'thumba la jekete, n'kunditsinzinira diso. Mutu wawo umapita n'kubwera, ndiye sindikudziwa kuti ndimvere ndani.

Chondiopsa ndi ichi. Nditafika kunyumba sindinasambe pakhomo ngati wochokera kumanda. Ndinangolowa, mpongozi wanu Patience n'kundipatsa Brandon poti ankathamangira shifiti kuchipatala. Mdzukulu wanu wa miyezi itatu uja ndinamuseweretsa ndi ndevu zomwezo kumaso, akuseka. Lolemba thupi lake linatentha, ndipo akutsokomola mpaka pano.

Adokotala ku Lanham akuti ndi chimfine. Patience wavomereza, paja ndi nesi, ndipo mankhwala akumupatsa. Za chipeso sindinamuuze. Ndinauza mnzanga wa ku Lusaka, Chishimba. Iye anati mzimu wa zaka chikwi sungadziwe kukwera sitima ya Metro, ndisiye zopusa. Ndinaseka nawo, koma madzulo ake ndinameta mpala, ndevu zonse pansi. Patience atandiona anafunsa kuti wamwalira ndani.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa a Chikwanje, adzukulu amene anakumba manda a bambo. Muwafunse masamba amene amathira m'madzi osambitsa anthu pochoka kumanda, komanso ngati zimathekabe pakapita masiku. Muwafunsenso ngati madzi okha angakwane, poti mitengo ya kuno sindiidziwa n'umodzi womwe. Yankho mundinong'oneze pa foni ya achemwali, muli nokha. Amalume asamve, adzandiseka mpaka Khirisimasi.

Mpaka muyankhe, mwanayu sindikumugwira. Ndanama kuti nanenso ndili ndi chimfine. Lero ndi tsiku lachinayi. Ndikadutsa pakabedi kake amatukula timanja, ine n'kupisa anga m'thumba.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, amalume, ndi azakhali a ku Ntcheu. Musachedwe, Amayi.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Melvin