Nsapato za Aphunzitsi Aakulu

Lolemba, 5 Novembala 1956

Dzuwa loswa mtengo. Fumbi mpaka m'kamwa. Tiyi m'minda wangoti zii, kudikira mvula. Sukulu yathu ya pa esiteti yasanduka khola la matekenya. Pansi m'makalasi dothi lokhalokha, ana onse opanda nsapato. Iwe ukuphunzitsa, iwo manja ali pansi pa benchi, kukanda.

Alesi sanabwerenso lero. Mwana wa Sitandade 3, masamu amangomwa ngati madzi. Matekenya amudya zala, ndiye poyenda amatagaza miyendo, anyamata n'kumamutsatira pambuyo akulira ngati abakha. Anangoleka kubwera.

Ndawauza amuna anga, a Fabiano, omwenso ndiwo aphunzitsi aakulu. Ndinawapeza akupolisha nsapato. Nsapato zimenezi, ndikanakhala wansanje, bwenzi ndikuzitcha mkazi mnzanga. "Ndikonza mawa ana akasonkhana," anatero osadzutsa mutu.

Lachiwiri, 6 Novembala

Akonzadi. Kuima pachulu, tayi pakhosi: "Onse amene ali ndi matekenya abwere kutsogolo." Ana onse maso kumwamba, ena akukwirira zala m'fumbi. Sanatuluke ngakhale mmodzi. Akuti ndiye kuti vutoli ndi laling'ono. Munthu anaphunzira zaka zonse zija ameneyu.

Lachinayi, 8 Novembala

Madzulo kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti. Alesi kuseri kwa nyumba, mapazi atakulunga m'sanza. Pakhonde kadengu katsopano kothyolera tiyi. Sindinafunse kuti ndi ka yani. Bambo ake, a Malizani, ananena okha: "Mayi, ine sukulu sindikana. Koma mwana wongokhala pakhomo ndi pakamwa basi. Mvula ikamupeza pano, ndikamulembetsa kwa kapitawo."

Anthu akuvutika. Koma mwana akangolowa m'munda wa tiyi sabwereranso m'kalasi, ndawaona ambiri.

Alesi sanandiyang'ane. Anangong'ung'udza kwa amayi ake m'Chilomwe, poganiza kuti sindimva: "Ndipite akandisekenso?" Mtima unandiwawa njira yonse. Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Mulanje.

Loweruka, 10 Novembala

Takhala pansi ndi a Lackson, mphunzitsi mnzathu, ndi a Dixon a kuchipatala cha esiteti. Tapangana: Lachisanu lililonse likhale tsiku la mapazi. Osati odwala okha. Aliyense, kuyambira kalasi yoyamba ya Sub A mpaka ife aphunzitsi. Kusamba ndi sopo, kuonedwa zala, wopezeka nalo kumuchotsa ndi pini yowotcha pamoto, parafini pabala. Onse akakhala pa benchi imodzi, woseka mnzake adzasowa. Amayi a kumalayini avomera kudzazira pansi m'makalasi.

A Dixon apereka bandeji ndi mankhwala ofiirira aja. Parafini ndi wa nyale yathu, ndiye mwezi uno tizidya kusanade. Sopo wanga wochapira wapitanso komweko.

A Fabiano avomera zonse kupatula chimodzi. "Mphunzitsi wamkulu savula nsapato pamaso pa ana. Ulemu umayambira pansi."

Lachiwiri, 13 Novembala

Ulemu uja ukutsimphina.

Dzulo a Fabiano polemba pa bolodi, phazi lamanja limangokhula lamanzere. M'mawa uno ndawapezerera akuvala sokosi mobisa. Chala chaching'ono chatupa, pakati kadontho kakuda. Akuti ndi msomali wa nsapato. Msomali woikira mazira sindinauonepo.

Masana anagonja. Ndi mawu apansipansi, chitseko atatseka: "Mayi, tangondichotsani kuno kunyumba, zithere pompano." Ndawauza kuti mapini ndi masingano anga onse ali kusukulu mpaka Lachisanu. Mulungu andikhululukire, imodzi inali pa duku langa, akuiona.

Lachinayi, 15 Novembala

Amayi azira makalasi onse, pansi pali see. Ana amalowa monyang'ama ngati m'tchalitchi. A Fabiano osandiyankhula kuyambira juzi, kupatula kupempha mchere. Anayesa okha ndi munga, angowonjezera kutupa.

Ndadutsanso kwa Alesi. Ndamuuza abwere mawa, angoonerera chapatali, palibe amugwire. Kadengu kali pomwe paja. Mabingu madzulo onse, koma osagwa.

Lachisanu, 16 Novembala

Mabeseni, benchi pansi pa mtengo, moto, a Dixon ndi botolo lawo. Ana aima patali ngati tikufuna kuwazinga. A Lackson anakhala oyamba, koma mapazi awo oyera ngati a khanda, sizinathandize.

Kenako ndinamuona Alesi kumabulugamu, kumapeto kwa bwalo, theka la nkhope kuseri kwa mtengo. Ndinawanong'oneza amuna anga: "Uyo apo. Ndipo taonani kumwambaku." Anayang'ana mwana, anayang'ana mitambo, anandiyang'ana ine moipa. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anakhala pa benchi n'kuyamba kumasula zingwe.

Sokosi itavuka, kamtsikana ka Sub A kananena mokweza, modabwa kwenikweni: "Ali ndi zala." A Lackson anathawira kuseri kwa kalasi, mapewa akugwedezeka.

Ndinagwira ntchito yanga. A Fabiano thukuta kamukamu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mano atalumana. Thekenya linatuluka lathunthu, lonenepa bwino, loleredwa m'sokosi. Anatenga piniyo, kuikweza m'mwamba: "Ili ndi langa. Bweretsani anu." Benchi inachepa. Anyamata a abakha aja ndiwo anali ndi ambiri, ndipo analira kuposa atsikana.

Lero ndawakonda bambowa ngati tsiku la ukwati.

Koma nditadzutsa mutu, kumabulugamu kunalibe munthu.

Lamulungu, 18 Novembala

Mvula. Yatipeza panjira pochokera kutchalitchi. Anthu kusangalala, ana kuvina m'matope, fungo la dothi paliponse. Ine ayi. Akapitawo azungulira kale m'malayini: mawa aliyense ndi dengu lake.

Ndinafuna kupitanso kwa a Malizani. Ndikanenenso chiyani? Ndangokhala pakhonde. Chakudya chandikanika.

Lolemba, 19 Novembala

Belu la esiteti m'mamawa. Madengu akukwera mtunda pamisana ya anthu, mzere wautali. Ine pakhomo la kalasi, maso kusaka kadengu kakang'ono. Ena ndimawaona, koma patali sudziwa nkhope.

A Fabiano nsapato yakana kulowa. Atuluka m'nyumba phazi lina nsapato, lina bandeji, tayi ili m'malo mwake. Kudutsa bwalo lonse atatagaza miyendo, bakha weniweni. Anyamata ali pamzere, milomo ataluma. Palibe analira ngati bakha.

Kenako pambuyo pawo wina akubwera, mayendedwe omwewo. Sileti m'manja. Pamsana palibe kanthu.

Alesi anawapeza pakati pa bwalo, poti iye anazolowera. Ndinamva ndi makutu anga: "Pondani ndi chidendene, aphunzitsi, sizipweteka kwambiri." Iwo anaponda ndi chidendene. Anafika limodzi.

Lachisanu lili kutali, sitidikira. Panopa Alesi ali pa benchi, mapazi m'beseni, a Dixon atumiziridwa mawu. Amuna anga akhala pambali pake, akuti amuphunzitsa nyimbo yoimba mano atalumana. Maso anga akuchita nkhungu, ndipo ntchito iyi imafuna maso. Pini yafiira pamoto, ndisiye kaye