Magazi a Kachiwala Wathu

Lachinayi, 14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni lilime langa limaterera. Lolemba munandifunsa za mwana wanu, Kachiwala wathu, ine ndinati akupeza bwino. Ndinakunamizani.

Mankhwala a khansa amene anamupatsa pa diripi Loweruka ndi aukali. Akagwira ntchito yake ayenera kutuluka m'thupi msanga, akachedwa amawononga impso. Ntchito yanga ku labotale ndi kuyeza otsalirawo. Timazunguza magazi m'makina mpaka madzi achikasu atayandama pamwamba. Madziwo timawadutsitsa m'kapaipi kachitsulo konga pensulo, momwe mankhwala amapatukana ndi zina zonse, kenaka kompyuta imajambula kaphiri. Kakatalika ndiye kuti mankhwala adakali ambiri.

Lolemba m'mawa namwino anabweretsa timachubu tisanu ndi tiwiri. Pa kachitatu panali dzina la mwanayu. Lamulo lathu sililola kuyeza magazi a m'bale wako, koma mnzanga anali patchuthi, ndiye ndinangoyeza ndekha osaulula za ubalewo. Mphindi khumi ndi ziwiri zimene makina amatenga ndinalephera ngakhale kukhala pansi. Kaphiri kanatuluka kotalika kuwirikiza kanayi mlingo woyenera.

Ndinathamangira kwa bwana wathu. Anasuzumira nati, "Makinawa ayambanso misala yawo. Utsuke kapaipiko, uyezenso mawa."

"Bwana, mawa ndi kutali. Ndayesa kale ndi mankhwala odziwika mlingo, atuluka ndendende. Makina alibe mlandu."

"Nanga ukukakamira chonchi chifukwa chiyani?"

"Ndi mwana wa achemwali anga."

Atamva zimenezo anandiuza kuti nditalikire makinawo. Anayeza okha, ine nditaima pakhomo ngati mlendo. Kaphiri kanafika pomwepo. Anangonyamula foni n'kuimbira kuwodi. Ola lisanathe madokotala anali atayamba kumupatsa mankhwala oteteza thupi ndi madzi ambirimbiri. Pamene munkaimba ndinali m'khonde la wodi, ndikumva namwino akusakasaka mtsempha pa kamkono kake.

Dzulo mlingo unatsika ndi theka, lero watsikanso. Koma impso zavulala, ndipo dokotala sakufuna kulonjeza kanthu lisanafike Lamlungu. Ine ndalandira kalata yondichenjeza, ndipo magazi ake sindiloledwanso kuwakhudza. Zotsatira ndikumazidikira pabenchi monga wina aliyense.

Achemwali, pemphani tchuthi mubwere. Zondikalipira mudzandikalipire muli kuno, ndidzamvera nditagwada.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Kachiwala akupereka moni wambiri. Wati ndikuuzeni kuti tsitsi lonse lathothoka, musadzadabwe polowa, ndiponso musadzalire iye akuona. Anthu amati mayi wamng'ono ndi mayi ndithu, ndipo ndayesetsa mmene ndingathere. Koma akadzidzimuka kutulo amaitana inu.

Ndine mng'ono wanu wokudikirani.