Msana wa Yunusu

Lolemba, 2 Disembala

Msonkhano wa komiti ku Liwonde. Kutentha koopsa, mitambo ikungotinyenga. Thiransipoti ya m'thumba mwanga, monga mwa masiku onse.

Tilipo asanu: awiri a ku Machinga, awiri a ku Balaka, ndi ine. Amati ine ndilibe mbali chifukwa kwathu ndi ku Dedza, ku Balaka kuno ndinangobwera ndi uphunzitsi. Komanso ndine amene ndimaima pa mzere womaliza pa mipikisano yonse yothamanga.

Ntchito yathu: kusankha katswiri wa masewera wa chaka chino m'maboma awiriwa. Mphotho yake chikho ndi njinga yatsopano, yopereka wamalonda wina.

Mayina anabwera ambiri. A mpira wamiyendo, a ntchemberembaye, wankhonya mmodzi. Pofika masana atsala awiri, onse othamanga mtunda wautali.

Yunusu wa ku Ntaja. Mpikisano uliwonse mpaka Ogasiti, iye patsogolo. Mu Seputembala ananyamuka ulendo wa ku Joni kudzera ku Mozambiki, kukasaka ntchito. Anaimbira mkazi wake ali ku Tete. Kuchokera pamenepo, zii. Amene anapita nawo ena anafika, ena ayi, ndipo ofikawo aliyense akunena zake.

Esau wa ku Utale. Mwana wanga wa m'kalasi, analekera Fomu 2. Chaka chonse wachiwiri, kumbuyo kwa Yunusu. Wapambana wa mu Okutobala wokha, Yunusu kulibe.

A Goliati, apampando athu, anati: "Tizokote pa chikhopo kuti malemu Yunusu. Anthu adzakhudzidwa."

Malemu? Maliro ake anaika ndani?

Tivota pa 14.

Lachitatu, 4 Disembala

Kuchonga mayeso tsiku lonse. Mutu waukulu.

Ndimati ndisaganize za Yunusu koma wangobwera yekha pakati pa mapepala. Mmene ankamalizira mpikisano. Anzake akadula chingwe amakweza manja, kudzigwetsa pansi, kufuula. Yunusu ayi. Ankangodutsa mzere n'kutembenuka, manja m'chiuno, maso kumsewu, kudikira Esau. Madzi amene ndinkamupatsa sankamwa mpaka mnzakeyo afike. Botolo limodzi anthu awiri, Msilamu ndi Mkatolika.

Poweruka ndinaona munthu akuthamanga m'mbali mwa njanji, malaya ofiira ngati a Yunusu, dzuwa lili pamutu. Ndinaima. Atayandikira, anali bambo wina wamkulu, amathamangira mbuzi.

Loweruka, 7 Disembala

Ku Utale. Ndinadzinamiza kuti ndikukaona mnzanga wa ku kwaya. Mapazi anandifikitsa kwa Esau.

Ndinamupeza kumunda ndi amayi ake, a Nelia. Anadzala ndi mvula yoyamba ija, chimanga chonse chapserera chisanafike m'bondo. Akudikira ina kuti abwereze, mbewu yake sakudziwa kuti aitenga kuti.

Esau wawonda. Anandipatsa moni ndi manja awiri ngati akadali pasukulu.

Ndinamufunsa ngati akuthamangabe. Anati m'mawa uliwonse, mpaka ku mlatho n'kubwerera. Kenaka anatsamira khasu lake.

"Madamu, nkhope ya Yunusu ndayamba kuiiwala. Koma msana wake ayi. Chaka chonse ndakhala ndikuyang'ana msana umenewo. Ngakhale pano ndikamathamanga ndimauona, uli pompo patsogolo panga. Ndikawonjezera liwiro, nawonso uwonjezera."

Nanga mu Okutobala muja, pamene unapambana?

"Inu munaona kuti ndapambana. Ine ndinafika wachiwiri."

A Nelia anandiperekeza mpaka pa msewu. Za komiti akuzidziwa, mudzi wonse ukudziwa. Sanapemphe kanthu. Anangoti anyamata a msinkhu wake atha onse m'mudzimo, apita kummwera, ndipo njinga itabwera mwanayu akanayamba kabaza pa Balaka n'kukhazikika. Anandipatsa mango m'kathumba. Ndinalephera kukana. Ali pa tebulo apa, sindinadye.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndapempha tsiku kwa ahedi. Ku Ntaja ndi a Akimu, mnzathu wa m'komiti, amene amapemphera mzikiti umodzi ndi abale a Yunusu.

Tinafika anthu akutuluka m'mapemphero. Mikanjo yoyera msewu wonse, akabaza akuliza mabelu, fungo la usipa. Pakhoma la shopu ina anyamata anajambula munthu akuthamanga, pansi pake analemba kuti Che Yunusu Mphepo.

Mkazi wake dzina lake Rukiya. Mwana wamng'ono zedi, mwinanso sanakwane zaka makumi awiri. Amagulitsa tomato kuseri kwa msika, khanda kumsana. Anatitengera kunyumba.

Nsapato za Yunusu zothamangira zili pawindo, zochapa bwino. Akuti anazisiya dala, anati ku Joni sakukathamanga.

A Akimu anandinong'oneza kale m'minibasi kuti akuchimuna akufuna achite sadaka, amupempherere Yunusu monga womwalira, nkhani ithe. Rukiya akukana. Apongozi ake sakumulankhula.

Ndinamufotokozera za mphotho. Anamvetsera maso ali pansi. Nditatchula maganizo a a Goliati aja anadzutsa mutu.

"Iyayi, amayi. Iyayi. Mwamuna wanga sanasambitsidwe, sanavekedwe nsalu, palibe anamuthira dothi. Mukakamutchula malemu pa chinkuzamawu, anthu onse akumva, mwamupha ndinu. Chikhocho mupatseni wina ngati zili choncho."

Khanda linadzuka, linandiyang'ana. Mphumi ndi ya bambo ake.

Potuluka anandifunsa ngati ndi zoona kuti mwamuna wake ankathamanga kuposa aliyense. Iye sanaonerepo mpikisano ndi umodzi womwe, ankakhala ali pamsika. Ndinati ndi zoona. Ndinati pa zaka zonse zimene ndaima pa mzere uja sindinaonepo wina wotero.

"Ndiye angamugwire ndani?" anatero.

Loweruka, 14 Disembala

Tavota.

A Goliati ndi a Akimu: Yunusu. A ku Balaka awiri aja: Esau. A Brighton, mmodzi wa iwo, analankhula bwino, sindingawanamizire. Anati mphotho ndi ya amoyo, chikho sichingabweze munthu, njinga imafuna miyendo yoipalasa. Anati wothawa mpikisano wa chaka usanathe wadzichotsa yekha.

Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinaona munda wopserera uja. Ndinaona mango aja, awola pa tebulo. Koma funso limene tinapatsidwa si lakuti wosowa kwambiri ndani. Ndi lakuti anathamanga bwino ndani. Ndipo ine ndinalipo, maso anga anaona. Esau mwini wake akudziwa.

Ndinati Yunusu. Koma mawu oti malemu asalembedwe paliponse, asatulukenso pakamwa pa munthu.

A Goliati anang'ung'udza, kenaka anavomera.

Pa depoti a Brighton anakwera minibasi imodzi ndi ine, mpando wakumbuyo. Sanandilankhule mpaka pa Balaka. Potsika: "Mwana munamuphunzitsa nokha, mwamusinthanitsa ndi mzukwa."

Ndachita chilungamo. Mawu amenewa ndawalemba kawiri, ndafufuta kamodzi.

Loweruka, 21 Disembala

Mwambo pa bwalo la ku Liwonde. Anthu ambiri kuposa chaka chatha. A ku Ntaja anabwera pa lole, akuimba.

Wolengeza anawerenga zonse monga tinagwirizana. Kenaka: "Katswiri wa chaka chino, Yunusu wa ku Ntaja!"

M'manja munaombedwa pang'ono n'kuleka. Ndiye kunachitika chimene sindinachiganizire. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana kumsewu, kumene othamanga amatulukira. Bwalo lonse. Ngakhale a Goliati, chikho chili m'manja. Ngakhale ine. Wolengeza, posadziwa chochita, anaitananso dzinalo. Kumsewu kunali fumbi lokha ndi mayi wina atasenza nkhuni.

Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji.

Rukiya ndiye anatimasula. Anadzuka, mpango wakuda kumutu, mwana kumsana, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Analandira chikho atagwada. Atamupatsa chinkuzamawu anangoti: "Asikomo. Ndimusungira."

Njinga inamukanika kukankha chifukwa cha mwana ndi chikho. Amene anatuluka m'gulu kudzamuthandiza ndi Esau. Sindinadziwe n'komwe kuti wabwera. Anayenda wapansi kuchokera ku Utale, akuti. Anaikankha mpaka pa lole, anaikweza, anaimanga yekha ndi chingwe, kukoka mfundo iliyonse kuti isakhwepe. Dzanja lake linakhalitsa pa chishalo.

Ndinamutsatira.

"Mwaweruza bwino, Madamu. Mukanandipatsa ine ndikanachita manyazi."

Anamwetulira. Bola akananditukwana.

Ndinati chaka chamawa ndi chake. Anati eya. Ndinamupatsa ya minibasi, anakana, ndinamuikira m'thumba mokakamiza.

Lamulungu, 29 Disembala

Mvula yabwera tsopano, ya masiku atatu osakata. Denga la kukhitchini likudontha.

A Akimu anaimba kundifunira chaka chabwino. Akuti njinga ija Rukiya waipachika kudenga m'chipinda, mapulasitiki ake osachotsa. Mlamu wake anapempha kuti aziyendetsa kabaza azigawana, anakana. Ya mwini wake, akuti. Za sadaka zija zayamba zaima. Akuluakulu akuti munthu amene maboma awiri amuitana ndi dzina ngati wamoyo, iwo sangathamangire kumuika.

Ndiye china chake ndinakonza. Kapena ndangotalikitsa kudikira kwa mtsikana uja, sindikudziwa.

Ku Misa ndinakhala kumbuyo. Ndimafuna ndipite ku Utale ndi kathumba ka mbewu. Msewu waterera, malipiro sanalowe. Sabata yamawa.

Lachinayi, 9 Januwale

Sukulu tatsegulira Lolemba. Lero nthawi ya buleki mlonda anati kuli mayi akundifuna pa geti.

A Nelia. Matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Ndinati tilowe mu ofesi, anakana. Tinaima pansi pa mtengo wa kesha.

Esau ananyamuka Lolemba m'mamawa. Anagulitsa mbuzi yawo yotsala kuti alipire amene amawolotsa anthu. Njira yake yomweyo, ya ku Tete. Anauza amayi ake kuti pamudzi palibe chimene akudikira, ndipo podutsa akafunsafunsa za mnzake, mwina wina anamuona. Anaimba Lachiwiri ali pa malire. Dzulo foni sikupezeka. Lero sikupezeka.

Ndinati mwina ndi netiweki. Ndinati masiku awiri si ambiri. Ndinalankhula zambiri, sindikuzikumbuka.

Sanalire. Sanakweze mawu. Anandisiya ndimalize, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Sindinabwere kudzakudzudzulani, aphunzitsi. Ndangobwera kudzafunsa, poti malamulo ake mumawadziwa ndinu. Pano nayenso wapita, sakuoneka. Ndiye kuti chaka chino mumupatsa iyeyo?"

Belu linalira. Ana anayamba kuthamangira m'makalasi, ine ndili chiimire, ndipo mayi aja akundiyang'anabe, akudikira kuti ndiyankhe.