Jekete la Atate

Okondedwa Amalume Zacharia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete. Kuno ku Mindolo tilipo, sukulu ikuyenda.

Alongo anga a Keziya amagulitsa nsapato pa foni, katundu n'kumachoka ku China kupita kwa wogula. Bizinesiyo analembetsa ndi chitupa cha atate, eni ake osadziwa, ndipo msonkho sanalipirepo. Tsopano a msonkho aitana atate kuti akaonekere Lolemba, ndipo kalata yake ndinalandira ndine. Alongowo anathawira ku Ndola, foni anazimitsa.

Atate ndangowauza kuti a boma akuwafuna. Iwo akuganiza kuti ndi za penshoni ya kumgodi. "Patson, sita jekete langa, andikumbukira tsopano!"

Ndalisita, amalume. Zotsalazo pakamwa panga zikukanika kutuluka. Kodi simungabwere Lolemba lisanafike?

Ine mphwanu,
Patson