Denga la Zala za Atate

Lachinayi, mu Juni. Lero mtima uli mbee.

Rosita, mwana wanga wosamva m'makutu, wabwera kuchokera kusukulu ku Mandimba pa njinga ya aphunzitsi ake, atafungatira chifoni chachikulu chomwe amati tabuleti. M'menemo muli mayi wolankhula ndi manja, ndipo pansi pake pamatuluka mawu olembedwa m'Chipwitikizi. Mwana amaonera manja, kenako n'kuwerenga.

Nkhawa yanga inali atate anga. Chibwerereni kuchokera ku Malawi akhala akumanganso pabwinja pathu pano ku Ngauma, chipinda ndi chipinda, ndipo lamulo lawo silisintha: mwana pamaso pa akulu azigwada, maso pansi. Koma Rosita akagwetsa maso ndiye kuti nkhani yatha. Akhala akumunena kuti ndi wamwano chifukwa amawayang'anitsitsa kumaso.

Tinawapeza akumata khoma. Rosita anagwada n'kuwakoka buluku. Analoza mawu akuti "casa" pa tabuleti, analumikiza nsonga za zala ngati denga, kenako analoza khoma lawolo.

"Akuti chiyani?" anandifunsa.

"Wawerenga, atate. Akuti nyumba."

"Wawerenga yekha?"

Atate anasiya dothi n'kukhala pa njerwa kuti maso alingane. Anayesa kupanga denga lija, zala n'kukhota. Rosita anawagwira manja amatopewo n'kuwawongola.

"Umuuze asamagwetsenso maso," anatero atate. "Wophunzira ndine."

Tabuleti yabwerera ndi aphunzitsi. Atate akadali pakhonde, manja m'mwamba, denga lawo likadali lopendekeka, ndipo Rosita akuwayang'ana m'maso n'kumaseka...