Mkono wa Tiyanjane

Nancholi, Blantyre
16 Ogasiti 2022

Okondedwa achimwene a Willard,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Gertrude. Kuzizira kwa ku Joniko kwatha kodi? Nanga chifuwa chanu chija chinasiya? Ife kuno tadzuka, koma nditati tili bwino likhala bodza, ndipo mukundidziwa ine, kunama sinditha.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba papepala ngati anthu akale pamene foni ilipo. Pafoni mumandidula mawu, mumati ndimalongolola. Pepala simungalidule. Komanso mu envulopumu muli kabokosi ka machesi. Chonde musakatsegule musanamalize kuwerenga.

Nkhani ndi ya mlongo wanu Tiyanjane ndi mwamuna wake Godfrey wa ku Chilomoni, amene inu monga nkhoswe munamulandira ndi manja awiri.

Mukukumbukira chaka chatha, pamene kampani ya alonda imene Godfrey ankagwirako inalamula kuti aliyense aonetse khadi la katemera wa Covid. Iye anakana. Anaima pasiteji ya minibasi atapinda malaya, akudzimenya pamkono, n'kumati thupi ili ndi lake, anapatsidwa ndi Mulungu, palibe bwana kapena boma lingalowetsemo singano iye asakufuna. Ntchito inathera pomwepo.

Ine ndinabayitsa kawiri konse, komabe ndinamuikira kumbuyo. Ndinati munthu sakakamizidwa pa za thupi lake. Ndinamuwombera m'manja, achimwene, ine chitsiru.

Mukudziwanso kuti pobadwa Mwabi, mwana wawo wachitatu, Tiyanjane anatsala pang'ono kutisiya. Madokotala sanabise, anati mtima wake ndi wofooka, mimba ina idzamupha. Godfrey anati madokotala si Mulungu. Ndiye Tiyanjane anapita yekha kuchipatala, anakamuika kachipangizo kolera pamkono, kaja kokhala ngati kamtengo ka machesi. Mwamuna wake sanamuuze. Anauza ine ndekha.

Lamulungu lina m'mwezi wa Malichi, atangobwera kuchokera kutchalitchi, Godfrey anamugwira mkono pomukalipira za ndiwo, n'kumva kanthu kolimba pansi pa khungu. Anatseka chitseko dzuwa lili pamutu. Anamugwetsa pansi, n'kumukanikiza ndi bondo pachifuwa, pamtima wodwala pomwepo. Anatenga lezala lometera ndevu. Anang'amba katatu, chifukwa kawiri koyamba anaphonya.

Ana anali pakhonde, akumva amayi awo akukuwa. Oyandikana nawo onse anamva, koma anati za m'banja salowerera.

Tiyanjane anafika kwanga kuno atamanga mkono ndi duku, magazi ataumira mpaka kuzala. Kuchipatala anamusoka masitichi asanu ndi awiri. Ndinakuimbirani tsiku lomwelo. Ndinayamba ndi za kachipangizo, ndipo ndisanafike pa lezala munandidula. Munati banja ndi kupirira, mkazi wolera mobisa nayenso walakwa, abwerere asanatichititse manyazi. Kenako munati abwana akukuitanani.

Mawu a nkhoswe ife sitiwatsutsa, ndi mmene anatilerera. Ine amene, ndi miyendo yangayi, ndinamuperekeza kukwera mtunda wa Chilomoni nditamunyamulira chikwama. Chimenechi chimandidya mpaka lero.

Pofika Juni Tiyanjane anali woyembekezera. Mu Julayi miyendo inatupa, sankatha kuchoka pakhomo kukafika pampopi osakhala pansi. Kuchipatala chachikulu madokotala awiri anamupima, nati mtima sufika nayo kumapeto mimbayi, ndipo lamulo limalola kuichotsa pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Anamufunsa mwini wake maganizo ake. Analira tsiku lonse, kenako anati akufuna kulera ana ake atatu alipowa. Anamuuza kuti abwere Lachinayi.

Apa ndiulule china. Ine ndine wa bungwe la amayi kutchalitchi, mukudziwa. Nthawi ija inavuta nkhani ya lamulo la kuchotsa mimba, ndinaguba nawo m'tauni nditavala chitenje cha mpingo, ndikuimba mpaka mawu kusasa kuti moyo umayambira m'mimba. Mpaka pano ndimakhulupirira choncho. Koma tsiku limenelo palibe anandiuza kuti mayi wake adzakhala Tiyanjane.

Kapepala ka kuchipatala anakabisa m'Baibulo, ndipo Godfrey anakapeza. Anamumenya ndi lamba wa yunifolomu yake ya ulonda, mbali ya chitsulo, n'kumutsekera m'nyumba ndi loko kunja. Anati mimba ndi yake, mkazi ndi wake, atuluka m'menemo ndi mwana kumanja kapena ali m'bokosi. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi nyumbayo ndiye anandiimbira Lachitatu m'mawa.

Ndinasiya diresi ya kasitomala pamakina, n'kukwera minibasi. Nditatsika ndinabwereka hamala kwa owotcherera zitsulo a pamsewu paja. Loko ndinaphwanya kamodzi kokha. Tiyanjane anali chigonere pansi, diso limodzi litatsekeka, milomo itatupa, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa.

Tikutuluka, Godfrey anatulukira. Anandimenya chibakera pakamwa, dzino lakutsogolo ndinalilavulira m'dzanja. Kenako anagwira Tiyanjane tsitsi n'kuyamba kumukokera mkati, mutu ukugunda pamasitepe.

Achimwene, sindinaganize. Ndinakweza hamala ndi manja awiri n'kuitsitsa pamkono umene unagwira tsitsiwo. Ndinamva fupa likuthyoka. Ndinamenyanso kachiwiri. Kachiwiriko sindikunamizani kuti ndinkateteza munthu ayi. Ndinkafuna amve.

Anagubuduzika m'fumbi akuitana amake. Anthu aja osalowerera za m'banja anadzaza pabwalo, ena akujambula pafoni. Ndinamufunsa pamaso pa onse, magazi akuchucha m'kamwa, kuti ngati thupi lake ndi lake, nanga la mng'ono wanga analitola kuti. Ndamva kuti kuchipatala anamubaya majakisoni atatu, ndipo sanakane ngakhale imodzi.

Lachinayi ndinamugwira dzanja Tiyanjane mpaka pakhomo la fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Mimba anachotsa. Ine ndinakhala panja ndi kolona, osadziwa kuti ndikupempherera ndani, mayi kapena mwana. Ndinalirira onse awiri. Chiyambire tsiku limenelo sindinalandire ukalistia, ndipo amayi anzanga a bungwe amasuntha ndikakhala pabenchi. Zimenezo ndisenza ndekha.

Kupolisi anandiitana. Ndinapita, ndinavomera za hamala, n'kuwaikira dzino langa patebulo kuti nalonso alilembe. Nkhani ikadali komweko. Ngati ndi kundende ndipita, nakonso amavala zosokedwa.

Tsopano Tiyanjane ali kwanga pamodzi ndi ana. Miyendo yaphwa, akudya, ndipo dzana anaseka koyamba chaka chino. Koma dzulo kunabwera a Onesimo, amalume ake a Godfrey, nkhoswe ya kuchimuna. Anati mphwawo wakhululuka. Mwamva bwino, achimwene, iyeyo ndiye wakhululuka! Anati Loweruka la pa 27 abwera kudzatenga mkazi wawo.

Ndinawauza kuti sapita kulikonse. Anandiyang'ana ngati akuona mpando, nati iwo sakamba za banja ndi telala, akamba ndi nkhoswe mnzawo, ndipo akuimbirani sabata yamawa.

Chimene chikundiopsa si a Onesimo. Ndi Tiyanjane. Wanena kuti inu mukati abwerere, abwerera, chifukwa chimwalirire bambo athu, bambo ndinu. Ndamukalipira, ndamunyengerera, ndamuonetsa chipsera chake chomwe, sakusintha. Akabwerera, mkono wa Godfrey udzapola, kachipangizo kena sadzalola, ndipo mimba yotsatira ndi maliro. Ndili ndi mantha, achimwene, ndipo ndakwiya nanu. Zonse ziwirizi n'zoona.

Tsopano tsegulani kabokosi kaja. Kamtengo mukukaonako ndi kamene Godfrey anatulutsa ndi lezala. Tiyanjane anakatola pansi tsiku lija n'kukasunga. Zakuda zaumirapozo ndi magazi a mlongo wanu, sindinatsuke dala. Iyi ndi mbali ya nkhani imene munaidula pafoni.

A Onesimo akaimba, mukagwire m'dzanja kamtengoko, ndiye muwayankhe. Mukati banja latha, ndidzakugwadirani pamaso pa anthu. Koma mukati abwerere, musatumenso ine. Mukwere basi mudzamuperekeze nokha, ndipo polongedza musaiwale suti yanu yakuda.

Mayi Veronica amene anyamula kalatayi muwalandire bwino, ulendo wa basi ndi wautali. Mupereke moni kwa alamu anga ndi onse akwathu ali kumeneko. Ana akupereka moni, ndipo Mwabi wayamba kutchula dzina la amayi ake. Mulungu akusungeni, akupatseninso makutu ulendo uno.

Ine mlongo wanu wagweru,
Anastasia